A Kamzati, Mbala ya Simbi

A Kamzati tinawaika m'manda mwezi wa Malichi, kuzizira kwa ku South Bend kusanatileke. M'tchalitchi anthu ananena zabwino zambiri: kuti anali mkulu wa mpingo wosatopa, kuti ophunzira ambiri ochokera kumudzi anagonapo pabalaza pawo asanapeze pokhala, kuti pamaliro a Mmalawi aliyense mu Indiana muno iwo ankafika oyamba. Zonsezo n'zoona. Koma palibe amene anatchula zoti bambo amenewa anabapo m'sitolo ya munthu dzuwa likuswa mtengo. Ine ndikudziwa bwino, chifukwa galimoto yothawira ndinkayendetsa ndine.

Anali munthu wamfupi, wadazi, woyenda mofulumira ngati basi ikuwasiya. Mkati mwa sabata ankagwira ntchito m'laibulale ya yunivesite yaikulu ya mumzinda muno, m'chipinda chapansi momwe amasungamo nyuzipepala zakale za ophunzira. Ntchito yawo inali yomata masamba ong'ambika ndi kuwalongedza m'makatoni, koma pokhala munthu wosatha kuona zilembo n'kuzisiya, anawerenga zonse. Loweruka la nyengo ya mpira ankavala jekete ya olondolera anthu pokhala n'kukaima pageti la sitediyamu. Anachita zimenezi zaka zambirimbiri, koma mpira weniweniwo, uja wa ku Amereka wothamanga nawo m'manja, sanaumvetse mpaka kufa. Ankati ndi amuna akuluakulu ogundana, kugwa, kudzuka, kenako n'kuchita msonkhano. Chimene chinkawakoka mtima chinali anthu odzaonerera.

Mlendo aliyense wochokera kumudzi ankamutengera kusitediyamuko, koma osalowa naye m'kati. Ankamuyendetsa pamalo oimika galimoto, pamene anthu amafika m'mamawa, kutsegula kumbuyo kwa magalimoto awo n'kuyamba kuwotcha nyama. Inenso anandiyendetsa pamenepo ndili ndi milungu iwiri m'dziko muno. Anandionetsa agogo opaka utoto kumaso, madokotala ovala zipewa zamisala, ndi bambo wina amene anatigawira soseji osatifunsa n'komwe mayina. Anandiuza kuti ndiwayang'anitsitse, chifukwa anthu omwewa Lolemba adzandidutsa m'khonde la chipatala ngati sanandionepo. Ankati ukafuna kudziwa kuti mzungu nayenso ali ndi mudzi, umupeze Loweruka.

Ukakumana nawo potuluka m'tchalitchi, unkangodziwiratu kuti mpunga wasiya pamoto upserera. Ankayamba ndi kukugawira mtedza wokazinga wa m'thumba la jekete, ndipo ukangolandira, basi wakodwa. Ankakufotokozera kuti kalekale, mpirawu ukungoyamba m'makoleji, anyamata ankasewera opanda zipewa zolimba zija, ena n'kumangoweta tsitsi lalitali poganiza kuti liwateteza mutu. Anthu ankathyoka ndi kufa kumene, mpaka pulezidenti wa nthawi imeneyo anachita kuitanitsa akuluakulu a masukulu kuti akonze malamulo. Ophunzira ankadzaza sitima kutsatira timu yawo kumzinda wina. Akapambana ankazula mitengo ya golo n'kuzungulira nayo m'tauni, kuliza belu mpaka eni dera kudandaula, ndi kusonkha chimoto pakati pa sukulu pogwiritsa ntchito makatoni, migolo ndi mipanda ya eni ake. Akafika pa mipandapo ankaseka mpaka kutsokomola. Nkhaniyi ndinaimva kosawerengeka, ndipo nthawi zonse ankaseka pamalo omwewo.

Koma imene ankaikonda koposa inali ya zinthu zimene masukuluwa amalimbirana. Si zikho zonyezimira ayi. Masukulu awiri a muno mu Indiana amalimbirana ndowa yakale yamatabwa yotungira madzi pachitsime. Ena awiri amalimbirana belu lochotsedwa pasitima, ndipo ophunzira akhala akuberana belulo kangapo, ulendo wina atanamizira kuti ndi alendo olemekezeka ofuna kulijambula. Cha kumpoto uku, timu ina inaiwala mtsuko wake wa madzi kwa anzawo, ndipo itapempha kuti aubweze, inauzidwa kuti ikaufuna ibwere idzaupambane. A Kamzati ankati eni ake amatcha zimenezi udani, koma iwo ataziona bwino anapeza kuti n'chisuweni chabe. Msuweni wako umamunena mphuno, umamulanda nkhuku, umamuseka ngakhale pamaliro, koma chaka chamawa uyenera kumupezanso, apo ayi unena ndani? Munthu amene umadana naye zenizeni, ankatero, sumukwerera sitima chaka ndi chaka.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Anali nkhutukumve. Akagwira mfundo, ngakhale mpingo wonse uime mbali ina, iwo ankangopukuta dazi lawo ndi mpango n'kubwereza zomwezo ndi mawu ofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunkapsetsa mtima kwambiri. Khalidwe limeneli ndi limene linawadanitsa ndi mlamu wawo.

Ine nditafika kuno kudzagwira ntchito ya unamwino, ndinapeza Amalawi a ku South Bend ndi a ku Indianapolis akupatsana moni wa pakamwa pokha. Ulendo wake sukwana maola atatu pagalimoto, koma ukwati ukachitika kuno, a uko ankangotumiza mafuno abwino pafoni. Ndinafunsa kawiri katatu anthu n'kumasintha nkhani, mpaka mayi wina anandinong'oneza tikutsuka mbale kukhitchini ya tchalitchi.

A Kamzati anakwatira a Nabanda, mlongo wawo wa a Chadza. A Chadza ndi bambo wamtali wa mawu a besi, amene ali ndi sitolo ya zakudya za kwathu pa Lafayette Road ku Indianapolis, momwe timagulamo ufa ndi usipa wouma. Awiriwa anali pachilamu chenicheni, chija choti osawadziwa ankayesa kuti amenyana. Kenako a Nabanda anadwala n'kumwalira. A Chadza, monga mwini mbumba, ananena kuti thupi lipite ku Dedza likagone pafupi ndi mayi awo. A Kamzati anakana. Anati malemuwo anawapempha ali m'chipatala kuti asawatengere kutali ndi mwana wawo Tiyamike, amene nthawi imeneyo anali kusekondale. Mboni panalibe. A Chadza anati mlamu wawo wapeka bodza kuti amane abale maliro, ndipo tsiku loika ku South Bend iwo sanabwere. Ambiri a ku Indianapolis anatsala nawo. Kuchokera pamenepo panadutsa zaka zisanu ndi ziwiri awiriwa osalankhulana.

Tsono pali nkhani ya simbi. Pamene a Nabanda ankanyamuka kudzatsatira amuna awo kuno, mayi awo anawalongedzera simbi ya makala, ija yolemera yokhala ndi katambala pachivundikiro, kuti mkamwini wawo asamayende ndi malaya okwinyika pakati pa azungu. Inawoloka nyanja itakulungidwa m'chitenje, n'kudzapeza kuti kuno makala ndi owotchera nyama basi. Inakhala pashelefu zaka, mpaka a Kamzati ndi a Chadza, masiku amene ankamwera kapu imodzi, anayambitsa mpira wa pachaka wa Amalawi a mizinda iwiriyi, mpira wathu wa miyendo. A Kamzati, ndowa ndi mabelu zili m'mutu, anati pafunika cholimbirana chopanda ntchito koma chokhala ndi mbiri. A Nabanda anapereka simbi yawo akuseka. Lamulo linali limodzi: wopambana ndiye amaisunga. Chaka chimene a Nabanda anamwalira, simbi inali ku Indianapolis. Mpira unafera pomwepo, ndipo a Chadza anaiika simbiyo pamwamba pa filiji ya nsomba m'sitolo mwawo, pamene aliyense wolowa ankaiona.

Tiyamike atapeza mwamuna, zinthu zinafika povuta. Mwanayu anakulira kuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingelezi, komabe ankafuna chinkhoswe chenicheni. Ndipo chinkhoswe chopanda amalume a mtsikana, amalumewo ali moyo ndiponso ali pafupi chonchi, chikanakhala chamanyazi kwa iye ndi kwa akuchimuna omwe. Abusa anapita ku Indianapolis kawiri. Amayi a mpingo anapita ndi nyimbo zawo. A Chadza ankawalandira bwino, kuwamwetsa tiyi, kenako n'kuwauza kuti amene anadziwa kuika maliro yekha adziwanso kukwatitsa yekha. Tiyamike anayamba kunena zongokalembetsa ukwati kuboma, zina zonse zikhale. A Kamzati anaonda, ndipo milungu ingapo mtedza wa m'thumba unasowa.

Lachiwiri lina m'mawa anandiimbira foni.

"Mwananga, muli pa shifiti lero? Mungandidraivire ku Indy? Maso angawa pa haiwei sakundithandiza."

Ndinavomera msanga, ndikuganiza kuti akupita ku Indianapolis kukapepesa kwa a Chadza. M'njira monse ndinkawalimbikitsa ndi mavesi, iwo n'kumangoti "Eya, eya," atafungatira chikwama chachikulu cha nsalu chopanda kanthu. Titafika pa Lafayette Road anandiuza kuti ndiimike galimoto pafupi ndi khomo, iyang'ane kumsewu, injini ndisazime. Kenako anatulutsa chipewa cha khonde ndi magalasi akuda.

"Bambo, zimenezi n'zachiyani?"

"A Chadza Lachiwiri masana amapita kukapikula katundu. Muli mayi okha. Inu dikirani pompano."

Sindinadikire m'galimoto. Ndinatsika n'kukaima pakhomo. Mayi Chadza anali pakauntala. Anakweza maso n'kuona kabambo kakafupi ka magalasi akuda kakunyang'ama pakati pa matumba a ufa, ndipo anaimirira n'kupinda mawondo.

"Mwaswera bwanji, bambo a Tiya?"

A Kamzati anaima njii. "Ndaswera bwino, kaya inu, mayi?"

"Ndaswera. Mwasowatu."

Mayiwo anayang'ana chikwama, anayang'ana pamwamba pa filiji, kenako anati, "Ine ndikacheke kaye kuseriku, ndamva ngati filiza ikulira zachilendo. Nditenga ka faivi minitsi." Analowa kuseri n'kutseka chitseko.

Filijiyo inali yaitali, a Kamzati anali aafupi. Anakoka kreti ya zakumwa n'kukwerapo, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, mkulu wa mpingo, n'kutsitsa simbi ija. Pamalo pake anasiyapo kapepala koitanira mpira, kolembedwa tsiku, nthawi ndi paki ina ya ku South Bend. Asanatuluke anavula magalasi, anayang'ana kamera ya kudenga, n'kuiweramira mwaulemu.

Mapepala anga okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, ndipo m'maganizo ndinkaona kale apolisi, khoti ndi ndege yotera pa Chileka. Ndinawakalipira kuchokera pa Lafayette mpaka kupitirira tauni ya Kokomo, ulemu wonse nditauika pambali.

"Bwanji osandiuza! Akakola polisi ndikanena chiyani ine? Laisensi yanga ya unesi ithere pa simbi?"

"Sakola," anatero akusisita katambala kaja. "Ndikanapita kukapepesa akanandipatsa tiyi. Munthu uja tiyi amapatsa anthu amene wathana nawo. Ine ndikufuna akwiye, anyamuke."

Pamenepo ndinasiya kuwakalipira. Amati galu wamkota sakandira pachabe, koma tsiku limenelo ngakhale iwo eni sankadziwa ngati pansipo pali kanthu.

Tisanafike n'komwe, mafoni anali atayaka mizinda yonse iwiri. A Chadza ankaonetsa kanema wa pakamera kwa aliyense wolowa m'sitolo. Abusa anawaitana a Kamzati n'kuwauza kuti mkulu wa mpingo saba, ngakhale mwanthabwala, ndipo Lamlungu lotsatira sanawalole kuwerenga mawu kutsogolo. A Kamzati sanatsutse. Anangoyendayenda kutolera timu: anamwino, oyendetsa mathiraki, ndi mphunzitsi wina amene anali asanathamangepo chikwatirireni. Kwa milungu itatu, ku Indianapolis sikunachokere yankho lililonse.

Tsiku lija tinafika kupaki m'mawa. Simbi anaiika pampando m'mbali mwa bwalo. Nthawi yolembedwa pakapepala inakwana n'kupitirira ndi ola lathunthu. Anthu anayamba kuvundukula mapoto. Tiyamike anali atadzitsekera m'galimoto mwake, osafuna kuona bambo ake akuchita manyazi. Kenako kunatulukira mavani awiri ndi magalimoto angapo kumbuyo. A Chadza anatsika atavala suti, n'kudula pakati pa bwalo osacheuka, mpaka anaima pamaso pa mlamu wawo.

"Ndabwera kudzatenga simbi ya mlongo wanga."

"Ndi iyo apo, alamu. Koma lamulo lake tinapanga tonse."

Ine ndinkayembekezera kuti atchula za manda, kapena angoinyamula n'kumapita, ndipo palibe akanawaletsa. A Chadza anaiyang'ana simbiyo nthawi yaitali. Kenako anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana osewera athu mmodzimmodzi, ndi majezi awo othina aja.

"Timu yake ndi imeneyi? Zimimba zonsezi? Abwera kumpira awa kapena kusikelo?"

Nkhope ya a Kamzati inachita ngati alira. Kenako anakweza mawu kuti aliyense amve.

"Nanga inu mwatenga ndani? Goloboyi wanu si uja amaimba m'tchalitchi buku litagunda mphuno?"

Anthu anaphulika ndi kuseka, ena misozi ikutsika. Anatichinya mochititsa manyazi, simbi inabwerera ku Indianapolis tsiku lomwelo, ndipo sindinaonepo munthu wogonja wosangalala ngati a Kamzati. Mpira utatha Tiyamike anatuluka m'galimoto, anakagwada paudzu pamaso pa amalume ake, n'kuyamba kulankhula Chichewa chake chotsimphina chija. A Chadza anamuyang'ana n'kunena kuti watengera mayi ake chipumi, kenako anafunsa kuti mnyamatayo kwawo n'kuti. Chinkhoswe anayendetsa ndi iwo.

Ndinene zoona, ine zimenezi sizinandikwanire. Ndinkafuna akhale pansi, atchule dzina la a Nabanda, wina anene pepani. Ndinawauzapo a Kamzati, ndipo anandiyankha kuti pali milandu ina yoti mukaiutsa nonse awiri mupezeka olondola, ndiye zikatero palibenso kolowera. Iwo sanasiye kukhulupirira kuti anachita zimene akazi awo anapempha. A Chadza sanasiye kukhulupirira kuti mlongo wawo anayenera kugona kwawo. Zaka zonse zotsatira sanayenderane kunyumba. Ankangoonana kamodzi pachaka, wina tsidya lino la bwalo, wina tsidya lija, n'kunenana mpira wonse za zimimba, za dazi, za fungo la usipa, za munthu woima pageti la sitediyamu zaka zonsezo osadziwa kumene mpira ukulowera. Ana obadwira kuno ankafunsa ngati agogo awiriwo amadana. Ndinkawayankha kuti ayi, koma chimene chinali pakati pawo ine sindinkachidziwa dzina.

Tsiku loika a Kamzati, a Chadza anabwera. Atapemphedwa kulankhula m'malo mwa banja, anangothokoza anthu chifukwa chofika n'kukhala pansi. Manda anakumbidwa pafupi ndi a mlongo wawo, ndipo aka kanali koyamba kuti aone pamene a Nabanda anagona. Anaima pamenepo chipewa chili m'manja mpaka anthu onse anabwerera kumagalimoto. Ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinkayembekezera.

Mpira wa chaka chino unachitika kuno mwezi wathawu. Mbali yathu, moyang'anizana ndi mzere wapakati, pali kamtengo kamthunzi pamene a Kamzati ankaima nthawi zonse. Palibe anapangana, koma poyala mipando anthu anasiya mpata pamenepo, wokwana munthu mmodzi ndi poponyera manja. Chigawo choyamba chili m'kati, wosewera wathu wina anatsala yekha ndi golo, n'kuumenya mpira m'mwamba mpaka unakagwera kumsewu. Tsidya lija a Chadza anadzambatuka pampando n'kuika manja kukamwa.

"Alamu! Ameneyu mwamutola kuti? Akusaka mbalame?"

Mawu awo anadutsa bwalo lonse. Tonse tinacheukira pakamtengo paja. Ine yankho ndinali nalo pakamwa, ndipo ndikhulupirira kuti enanso anali nalo, koma tonse amene tinali mbali ino ndife ana kwa a Chadza, ndipo mwana sabwezera mkulu mawu otere. Anaimabe manja ali kukamwa, akudikira. Kenako anawatsitsa pang'onopang'ono, anakhala pansi, ndipo sanalankhulenso mpaka wezulo yomaliza inalira.